Cinsinsi ca mabampa onyezimira a magalimoto akale cili pansi pa chrome

Magalimoto akale a m'zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970 amadziwika msanga ndi mabampa ao acitsulo onyezimira ngati kalirole. Ena mwa mabampa amenewa akali kuwala mpaka lero, patapita zaka zoposa 50 cituluke m'fakitale. Koma ena, ngakhale amene akonzedwanso posacedwapa ndi ndalama zambiri, amayamba matuza ndi madontho a dzimbiri dzinja lisanafike kawiri.

Cimene cimasiyanitsa mabampa otere ndi zitsulo zina zimene zili pansi pa chrome, makamaka nickel, ndiponso m'mene citsulo ca bampa cinasalazidwira ndi kutsukidwira cisanakutidwe. Chrome imene maso amaona ndi yopyapyala koposa, ndipo payokha singathe kuletsa dzimbiri. Nkhaniyi ikhudza aliyense wofuna kugula galimoto yakale, kuitanitsa bampa kucokera kunja, kapena kulipira amisiri kuti amkutirenso bampa yake.

Kumene chrome inacokera

Chrome ndi dzina lofala la citsulo cochedwa chromium. Anacitulukira ndi katswiri wa ku France, Louis Nicolas Vauquelin, mu 1797, pamene anali kupima mwala wofiira wocokera ku Siberia. Dzinali linatengedwa ku liu la Cigiriki lonena za mitundu ya maonekedwe, cifukwa mankhwala opangidwa ndi citsuloci amakhala ofiira, acikasu kapena obiriwira.

Panapita zaka zoposa 120 anthu asanapeze njira yodalirika yokutira zinthu ndi chromium m'mafakitale. Mu 1920, George Sargent wa ku America anafalitsa zimene anapeza posakaniza asidi wa chromium ndi asidi wa sulphur pang'ono. Mu 1924, Colin Fink ndi Charles Eldridge a pa yunivesite ya Columbia mu mzinda wa New York anaikonza njirayo kuti ithe kugwira nchito pa malonda. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, makampani ambiri a magalimoto ku America anali atayamba kuigwiritsa nchito, ndipo Oldsmobile inali pakati pa oyamba.

Chrome isanabwere, zokongoletsa za magalimoto zinali kukutidwa ndi nickel yokha. Nickel imawala bwino, koma ikakhala pa mpweya ndi cinyezi imataya kuwala kwake ndi kuyamba cikasu, motero eni magalimoto anali kuipukuta kawirikawiri. Chrome inathetsa bvuto limeneli. Ikakhudzana ndi mpweya imadzipangira kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamaiteteza, ndiponso ndi yolimba kwambiri kotero kuti sikandika msanga. Nickel sinacotsedwe ai. Inangobvekedwa chrome pamwamba pake, ndipo ndi m'mene zikhalira mpaka lero.

Miyalo itatu ya bampa

Kukuta bampa kumacitika ndi mphamvu ya magetsi. Bampa imamizidwa m'thanki la madzi osungunuliramo mankhwala a citsulo cimene cifunika. Magetsi akayatsidwa, tizidutswa ta citsuloco, tocepa kwambiri kosaoneka ndi maso, timacoka m'madzimo ndi kumamatira pa bampa. Bampa ikakhalitsa m'thanki, muyalo wa citsuloco umanka nucindikala. Pa nchito yochuka ya miyalo itatu, bampa imalowa m'mathanki atatu motsatana.

Muyalo woyamba ndi wa mkuwa. Mkuwa ndi wofewa, motero umadzaza mikwingwirima ndi timaenje ta pa citsulo, ndipo amisiri amatha kuupukuta mpaka usalale. Muyalo waciwiri ndi wa nickel. Umenewu ndiwo mpanda weniweni wochinga madzi kuti asafike pa citsulo ca bampa, ndiponso ndiwo umapereka kuwala kwa kalirole kumene anthu amakuyesa kwa chrome. Muyalo wacitatu ndi wa chrome, umene umaikidwa m'mphindi zocepa cabe. Nchito yake ndi kuteteza nickel kuti isakandike kapena kucita cikasu, ndi kupatsa bampa kuwala kozizira kopendekera ku mtundu wa mtambo.

Kucindikala kwa miyaloyi amakupima ndi muyeso wochedwa micron. Milimita imodzi ikagawidwa m'magawo 1,000, gawo limodzi ndilo micron. Tsitsi la munthu limakhala pafupifupi ma micron 70. Chrome ya pa bampa nthawi zambiri imakhala pakati pa micron 0.25 ndi 0.5, kutanthauza kuti tsitsi limodzi limaiposa kucindikala nthawi zoposa 100. Nickel ya pa bampa yoyenera kupirira mvula ndi dzuwa imafunika ma micron 30 kapena kuposerapo. Conco pa miyalo iwiri yapamwambayi, pafupifupi wonse ndi nickel.

Zitsulo zitatu zonsezi zipezeka m'nthaka ya kuno kum'mwera kwa Africa. Mkuwa ndiwo cuma cacikulu ca dziko la Zambia. Miyala ya nickel ipezeka ku Munali m'cigawo ca Kum'mwera ndi ku Kalumbila, kumene mgodi wa Enterprise unayamba kutulutsa nickel mu 2023. Miyala ya chromium imakumbidwa ku Great Dyke m'dziko la Zimbabwe ndi ku South Africa, dziko limene liposa maiko onse pa kukumba miyala imeneyi.

M'mene dzimbiri limalowera

Popeza chrome ndi yopyapyala cotere, siikhala yotsekeka konse. Imakhala ndi timabowo ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amalowera m'menemo. Madzi akakhudza zitsulo ziwiri zosiyana nthawi imodzi, pamabadwa kamphamvu ka magetsi monga zicitikira m'batire. Citsulo cimodzi cimayamba kudyeka pamene cinzake cikhala bwinobwino. Pakati pa chrome ndi nickel, yodyeka ndi nickel. Pakati pa nickel ndi citsulo ca bampa, codyeka ndi citsulo ca bampa.

Motero pansi pa kabowo kalikonse pamayamba kadzenje kamene kamaboola nickel pang'onopang'ono kulinga pansi. Ngati nickel ndi yocindikala, kadzenjeko kamatenga zaka zambiri kuti kaipyoze. Ngati ndi yopyapyala, kamafika pa citsulo msanga. Dzimbiri likayamba limafuna malo aakulu kuposa citsulo cimene ladya, conco limatukula miyalo yonse ya pamwamba pake. Apa mpamene pamaoneka matuza, kenaka madontho ofiira, ndipo pomaliza chrome imayamba kusupuka.

Umboni wa kufunika kwa nickel unaoneka pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea, kuyambira 1950 mpaka 1953. Boma la America linacepetsa nickel yololedwa pa zinthu za anthu wamba kuti yambiri ipite ku zida za nkhondo. Zokongoletsa zambiri za magalimoto a zaka zimenezo zinatuluka ndi chrome yoikidwa pa mkuwa, nickel ili yocepa kwambiri kapena palibiretu, ndipo pamwamba pake anali kupakapo vanishi. Vanishiyo itayamba kusupuka, zokongoletsazo zinaonongeka msanga, kotero kuti okonda magalimoto akale mpaka lero amaichula kuti chrome ya ku Korea pofuna kunena chrome yosalimba.

M'zaka zomwezo za m'ma 1950, maiko ozizira anaonjezera kuthira mcere m'miseu kuti usungunule madzi oundana m'nyengo ya cisanu. Madzi a mcere amafulumizitsa kwambiri kudyeka kwa zitsulo, ndipo eni magalimoto anayamba kudandaula kuti mabampa acita dzimbiri galimoto ikali yatsopano. Makampani anayankha ndi njira ziwiri.

Yoyamba, imene inafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, inali yoika nickel ya mitundu iwiri. Pansi amaika nickel yosawala kwambiri, yopanda sulphur, imene imatenga gawo lalikulu la muyalo wonse. Pamwamba pake amaika nickel yowala yokhala ndi sulphur pang'ono. Nickel ya pamwambayi imadyeka msanga kuposa ya pansi. Kadzenje kakafika pa malire a ziwirizi, kamaleka kupita pansi ndipo kamayamba kufalikira cam'mbali, motero citsulo ca bampa cimapulumuka kwa zaka zina zambiri.

Njira yaciwiri inabwera m'zaka za m'ma 1960, ndipo poyamba imamveka yodabwitsa. M'malo molimbana ndi timabowo ta chrome, akatswiri anaticulukitsa dala, mpaka toposa 10,000 pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Timabowo tikakhala tocepa, mphamvu yonse yodya citsulo imaunjikana pa malo owerengeka ndipo imaboola mozama. Tikakhala tambirimbiri, mphamvuyo imagawikana, ndipo kadzenje kalikonse kamakhala kosazama.

Pofuna kudziwa ngati nchito yalimba, mafakitale amaika zinthu zokutidwazo m'bokosi la nkhungu yofunda ya madzi a mcere osakaniza ndi asidi wa viniga ndi mankhwala a mkuwa. Kupima kumeneku kuchedwa CASS, ndipo m'maola owerengeka kumaonetsa zofooka zimene pa mseu zikadaoneka patapita nthawi yaitali. Malamulo a kakutidwe kameneka analembedwa m'miyeso yodziwika pa dziko lonse, monga ISO 1456 ndi ASTM B456.

Kumbuyo kwa bampa

Mabampa ambiri amaonongeka kuyambira kumbuyo, kumene maso saona. Magetsi a m'thanki amakonda malo otumphuka ndi oyang'ana kunja, conco m'makona ndi m'kati mwa bampa mumafika nickel ndi chrome yocepa. Komweko ndiko kumakhala matope ogendedwa ndi mawilo, amene amasunga cinyezi masiku ambiri. Dzimbiri limadya citsulo kucokera kumbuyo mpaka kutulukira kutsogolo, ndipo pamene tuza lioneka pa chrome, nthawi zina citsulo cimakhala citatsala copyapyala ngati pepala.

Pa nkhani imeneyi dziko la Zambia lili ndi mwai. Lilibe nyanja ya mcere, m'miseu yake simuthiridwa mcere, ndipo miyezi yambiri ya caka imakhala youma. Galimoto yakale imene yakhala moyo wake wonse ku Lusaka, Chipata kapena Kitwe kawirikawiri imakhala ndi chrome yabwino kuposa inzake yocokera ku Britain, kumene mcere umathiridwa m'miseu caka ndi caka, kapena yocokera m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja monga Durban, Beira ndi Dar es Salaam. Adani a bampa kuno ndi matope a m'dzinja, miyala ya m'miseu ya fumbi imene imatema chrome, ndi kukwecha kosayenera.

Si conyezimira ciliconse ndi chrome

Magalimoto akale amene anayenda m'miseu ya dziko lino anali ndi mabampa a mitundu yosiyana. Ambiri, monga a Fiat amene anali kulumikizidwa pa fakitale ya Livingstone Motor Assemblers m'zaka za m'ma 1970, anali ndi mabampa acitsulo okutidwa ndi chrome. Koma Peugeot 404 ndi 504 zinali ndi mabampa a citsulo cosacita dzimbiri cochedwa stainless steel. M'citsulo cimeneci chromium imasakanizidwa m'kati monse, conco palibe muyalo woti usupuke, ndipo cikakandika cimangofuna kupukutidwa.

Land Rover zakale zinatsata njira ina. Mabampa ao anali kukutidwa ndi zinc, monga malata a denga. Zinc siwala, koma imadyeka iyo m'malo mwa citsulo, kotero kuti ngakhale bampa ikandike, dzimbiri silifalikira msanga. Zimenezi zisiyana kotheratu ndi nickel ndi chrome, zimene zimateteza citsulo pokhapokha ngati mpanda wao sunabooke.

Nyengo ya mabampa a chrome inayamba kutha m'zaka za m'ma 1970. Renault 5 ya mu 1972 inatuluka ndi mabampa a pulasitiki. Ku America kunabwera lamulo lakuti kuyambira pa magalimoto a 1973, bampa ya kutsogolo ithe kupirira kugunda pa liwiro la makilomita 8 pa ola popanda nyale ndi zida zina zofunika kuonongeka, ndipo caka cotsatira lamulolo linafuna kuti bampa ya kumbuyo nayonso ithe kupirira liwiro lomwelo. Ndico cifukwa cake galimoto ya ku Britain ya MGB inasiya mabampa a chrome mu 1974 ndi kubvala akuda onga mphira. Masiku ano zonyezimira zambiri za pa magalimoto atsopano ndi pulasitiki yokutidwa ndi mkuwa, nickel ndi chrome.

Kukutanso bampa yakale

Popeza mabampa atsopano a magalimoto ambiri akale ndi osowa, eni ake amapereka akalewo kuti akutidwenso. Nchitoyi imayamba ndi kusungunula chrome ndi nickel yakale ndi kucotsa dzimbiri lonse. Kenaka amisiri amaongola popindika, kuwocherera poboka, ndi kupala citsulo ndi makina, kuyambira pa copalira cokhakhala mpaka cosalala. Mafuta ndi litsiro lililonse ziyenera kutsukidwa, cifukwa ngakhale cidindo ca cala cingalepheretse muyalo kumamatira. Gawo lalikulu la mtengo wa nchitoyi limapita ku nchito ya manja imeneyi. Chrome siibisa cilema. Mkwingwirima uliwonse wotsala pa citsulo umaoneka kwambiri bampa ikayamba kunyezimira.

Apa mpamene nchito yochipa imadulira njira. Kucepetsa nthawi ya bampa m'thanki la nickel kumapulumutsa ndalama, ndipo pa tsiku loilandira, bampa ya nickel yocepa imawala cimodzimodzi ndi ya nickel yokwanira. Kusiyana kumadzaoneka mvula itagwa. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale mau akuti miyalo itatu sapereka citsimikizo. Mkuwa umathandiza kusalaza citsulo cakale cokumbika, koma sulowa m'malo mwa nickel pa kuletsa dzimbiri. Mabampa ambiri a m'fakitale analibe mkuwa konse, anali ndi nickel ya mitundu iwiri yoikidwa pa citsulo cosalazidwa bwino, ndipo analimba. Conco wopereka bampa ayenera kufunsa ngati nickel idzakhala ya mitundu iwiri, kucindikala kwake m'ma micron, cimene cidzaikidwa kumbuyo kwa bampa, ndi utali wa nthawi imene amisiri alonjeza kuikonzanso ikacita matuza. Mafunso omwewa ayeneranso kufunsidwa poitanitsa bampa yatsopano yopangidwa mofanizira yakale. Penti yopopera imene pa citini pake palembedwa kuti chrome ndi penti cabe, ndipo siingafanane ndi citsulo coikidwa ndi magetsi.

Pogula galimoto yakale, mtundu wa bampa umanena zambiri. Malo acikasu aonetsa kuti chrome yatha ndipo nickel ili poyera. Malo ofiirira ngati ndalama yamkuwa aonetsa kuti nickel nayo yatha. Mafunde ooneka poyang'ana bampa cam'mbali aonetsa kuti citsulo sicinaongoledwe bwino. Kupisa dzanja kumbuyo kwa bampa kumaulula dzimbiri limene kutsogolo kukali kubisa.

Ngozi kwa anchito ndi madzi

Chrome imene ili pa bampa yomalizidwa ilibe ciopsezo kwa woigwira. Ciopsezo cili m'thanki. Njira yakale imagwiritsa nchito mtundu wa chromium wochedwa hexavalent, umene bungwe la International Agency for Research on Cancer linauika m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa. Nthunzi yake imaononga mapapo, imayambitsa zilonda pa khungu, ndipo ingaboole cicerecere ca pakati pa mphuno. Madzi otsala a m'mathanki akatayidwa pansi angaipitse zitsime ndi mitsinje.

Pa cifukwa cimeneci, maiko a m'bungwe la European Union kuyambira mu September 2017 salola fakitale kugwiritsa nchito mankhwalawa popanda cilolezo capadera. Ku California m'dziko la America, lamulo la mu 2023 linalamula mafakitale okuta zokongoletsa kuti awasiye pofika 2027, kapena 2030 kwa amene atsekereza bwino malo ao ogwirira nchito. Ambiri asamukira ku mtundu wina wochedwa trivalent, umene unayamba kugwiritsidwa nchito pa malonda m'zaka za m'ma 1970. Umenewu ulibe ciopsezo cacikulu cotere, ngakhale kuti maonekedwe ake amaderako pang'ono poyerekeza ndi chrome yakale. Malamulo amenewa akweza mtengo wa nchito yokuta mabampa ndipo acepetsa malo oicita. Kuno ku Zambia, zinyalala zoopsa za m'mafakitale zimayang'aniridwa ndi bungwe la ZEMA motsatira lamulo la zacilengedwe la mu 2011. Iyi si nchito yoyesera kuseri kwa nyumba.

Kusamala chrome imene ilipo

Popeza kukutanso bampa ndi kodula, kusunga chrome yakale ndiko kwanzeru. Bampa itsukidwe ndi madzi, sopo ndi nsalu yofewa, kenaka ipukutidwe kuti iume. Mcenga, phulusa ndi waya wokwechera mapoto zimacotsa dzimbiri lero, koma zimacotsanso chrome, imene siifika ngakhale micron imodzi. Madontho ang'onoang'ono a dzimbiri acotsedwe ndi polishi wofewa wopangidwira chrome, popanda kukanikiza. Phula lopukutira galimoto limatseka timabowo tija kuti madzi asalowe, ndipo liyenera kupakidwa dzinja lisanayambe ndiponso likatha.

Kumbuyo kwa bampa kufunika cisamaliro coposa. Matope acotsedwe ndi madzi galimoto ikayenda mu mseu wa thope, ndipo citsulo cikauma cipakidwe penti yoletsa dzimbiri kapena girisi, makamaka pozungulira mabauti. Galimoto isungidwe pa malo ouma opita mphepo, osati pa udzu kapena pansi pa pulasitiki yosunga thukuta la cinyezi. Bampa imene nickel yake sinabooke, ikasamalidwa motere, ingapitirize kuwala kwa zaka zina zambiri popanda kulowanso m'thanki.